Kompyuta yomanga nokha ikukana kuyaka kapena ikuthima poyatsa: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a anthu amene agula ziwalo za kompyuta chimodzichimodzi n'kumanga okha, koma poiyatsa yakana, kapena yayaka n'kuthima, kapena yafika pa Windows n'kugwa. Musanaganize kuti chiwalo china chabwera chakufa, onani kaye pamene makinawo akuimira. Kompyuta poyaka imadutsa masitepe angapo motsatana: magetsi, purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (chikumbutso cha ntchito imene ikuchitika), zithunzi, disiki, kenako Windows. Sitepe imene yakakamirapo ndiyo ikukuuzani kofunika kuyang'ana. Pa makina atsopano, vuto kawirikawiri limakhala chingwe chosalowa bwino, RAM yosakhazikika kapena BIOS yakale. BIOS ndi kapulogalamu kamene kamayatsa makina Windows isanayambe, ndipo kamakhala mu motherboard, bodi yaikulu yomwe ziwalo zonse zimalumikizidwapo.

Ndadina batani koma palibe chikuchitika. Fani siikuzungulira, kanyali sikakuyaka. Ndiyambire pati?

Yambani ndi zopepuka, ngakhale zioneke zachibwana. Kumbuyo kwa power supply, bokosi logawa magetsi ku ziwalo limene ambiri amangoti PSU, kuli kaswitchi kolembedwa I ndi O, ndipo kayenera kukhala pa I. Soketi ya pakhoma iyeseni ndi tchaja ya foni. Kenako gwirani chingwe chachikulu cha mapini 24 chopita pa motherboard. Chimenechi n'cholimba kulowa, ndipo ambiri amachisiya chitalowa theka poopa kuthyola bodi. Chirikizani bodiyo ndi chala kuseri kwake, mukankhe mpaka kachokolera ka pulasitiki kam'mbali katagwira. Pakati pa pulagi ndi soketi yake pasaoneke mpata.

Pamenepo pakakhala bwino, kayikirani timawaya ta batani la kesi. Timalowa pa timapini ta m'munsi mwa bodi, polembedwa F_PANEL, JFP1 kapena PANEL malinga ndi kampani, ndipo kuphonya ndi pini imodzi n'kosavuta. Zulani kawaya kolembedwa POWER SW, mutenge screwdriver, mukhudze nayo timapini tiwiri tomwe kamalowapo kwa kamphindi chabe. Magetsi a pamenepa ndi ochepa, sangakugwireni. Makina akayaka, vuto ndi batani kapena malo amene munalowetsa kawayako.

Akapanda kuyaka, yesani PSU payokha. Ichotseni ku ziwalo zonse, mulumikize ndi kawaya pini ya nambala 16 ya chingwe chachikulu chija ndi pini ya ground yoyandikana nayo. Pa zingwe zamitundu ndi waya wobiriwira ndi wakuda. Pa zingwe zakuda zokhazokha, onani chithunzi m'kabuku ka PSU, musangoganizira. Fani ikazungulira, mwangodziwa kuti PSU siinafe kotheratu, osati kuti ili bwino. Dziwaninso kuti ma PSU ena amaimitsa fani dala pamene katundu ndi wochepa.

Ma PSU akale ndi ena otchipa ali ndi kaswitchi kofiira kosankhira 115 kapena 230. Kwathu kuno magetsi a m'nyumba ndi a 230, choncho PSU yochokera ku America ikabwera ili pa 115 n'kuilowetsa pakhoma, ipsa nthawi yomweyo. Ndipo PSU musaitsegule m'kati. Imasunga magetsi oti akhoza kupha munthu ngakhale mutaizula kukhoma.

Mafani akuzungulira kwa sekondi imodzi, kenako zonse n'kuthima. Ndawotcha china chake?

Mwina ayi. Kuthima msanga chotere nthawi zambiri ndi PSU ikudziteteza: yaona shoti, yadula magetsi isanawononge kanthu. Ntchito yanu ndi kupeza pamene shotiyo ili.

Malo oyamba ndi timizati tachitsulo tomwe motherboard imakhalapo. Kesi zambiri zimabwera timizatito titaikidwa kale, koma mabodi sasiyana kukula kokha, amasiyananso malo a mabowo. Kamzati kamodzi kakakhala pomwe bodi ilibe bowo, kamakhudza kuseri kwa bodiyo n'kuchita shoti. Chotsani bodi, muwerenge timizati, muwerengenso mabowo. Onaninso ngati palibe screw yomwe yagwera kuseri, komanso ngati timalilime ta chitsulo chotchinga mapoti a kumbuyo sitinalowe m'poti ya USB kapena ya HDMI.

Malo achiwiri ndi zingwe za mapini 8. Zilipo za mitundu iwiri yofanana pamaso. Cha purosesa chimagawika 4+4 ndipo chimalembedwa CPU kapena EPS. Chimalowa pamwamba pa bodi, kumanzere kwa purosesa. Cha graphics card, khadi lotulutsa zithunzi, chimagawika 6+2 ndipo chimalembedwa PCIe kapena VGA. Mawaya ake anayalidwa mosiyana, ndiye mukaona kuti pulagi ikufuna mphamvu kuti ilowe, imani muwerenge zolembedwapo.

Chachitatu n'choopsa kuposa zonsezi. Ngati PSU yanu ndi yazingwe zochotseka, gwiritsani ntchito zingwe zomwe zinabwera m'bokosi lake basi. Kumbali ya PSU kulibe lamulo limodzi la kayalidwe ka mapini. Makampani amasiyana, ngakhale ma PSU awiri a kampani imodzi akhoza kusiyana. Chingwe cha PSU yakale chimalowa bwinobwino, koma chikhoza kutumiza 12V pomwe pamafunika 5V, disiki n'kupsa.

Ikuyaka, kuthima, n'kuyakanso yokha kangapo sikirini ili yakuda. Ndiizimitse?

Ilekeni kaye. Pa kuyatsa koyamba, motherboard imayesa RAM kuti ipeze nthawi ndi mphamvu zomwe iziyendera, ndipo pochita zimenezi ikhoza kudzizimitsa n'kudziyatsanso. Pa RAM ya mtundu wa DDR4 sizichedwa. Pa DDR5, makamaka pa soketi ya purosesa ya AM5 yomwe AMD inatulutsa mu 2022 pamodzi ndi mapurosesa a Ryzen 7000, zimatha kutenga mphindi zingapo, ndipo RAM ikachuluka nthawi imachulukanso. Ambiri amazula pulagi pakatipa poganiza kuti zakanika, kenako makinawo amayambiranso pachiyambi. Ipatseni mphindi 10 musanagwire kalikonse. Zikapitirira pamenepo ikungozungulira, ndiye kuti palidi vuto.

Pa bodi pali tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Tikutanthauza chiyani?

Timeneti ndiye mboni yanu yaikulu. MSI imatitcha EZ Debug LED, ASUS imati Q-LED. Poyatsa, timayaka kamodzikamodzi motsatana pamene bodi ikuyesa chiwalo chilichonse, ndipo kamene kakhala koyaka osazima ndiko kakuloza pamene yakakamira. Kuyaka n'kuzima si vuto.

Koma kanyali kamanena sitepe, sikanena wolakwa. Ka CPU kamayaka purosesa ikafa, komanso mukaiwala chingwe cha mapini 8, kapena BIOS ikakhala yosaidziwa purosesayo. Ka DRAM kamayaka ngakhale RAM ili bwino, ngati pini imodzi mu soketi ya purosesa yapindika. Ka BOOT sikodetsa nkhawa pa makina atsopano: kakungonena kuti sinapeze disiki yokhala ndi Windows, ndipo simunaikemo.

Mabodi okwera mtengo ali ndi kasikirini ka manambala awiri, matanthauzo ake ali m'kabuku. Bodi yopanda zonsezi ili ndi timapini tolembedwa SPEAKER. Kasipika kake n'kotchipa, ndipo pa mabodi ambiri kulira kamodzi kofupika kumatanthauza kuti zonse zadutsa.

Kanyali ka DRAM sikakuzima. RAM yanga ndi yakufa?

Kawirikawiri siinalowe. RAM imafuna kukankha kolimba kuposa momwe munthu womanga koyamba amayembekezera. Itulutseni, muone kuti kampata ka pakati pa RAM kakugwirizana ndi ka mu slot, mukankhe mbali zonse ziwiri mpaka mutamva kuti "kha". Pa mabodi ena kachokolera kali mbali imodzi yokha, ndipo mbali yopanda kachokolerayo ndi imene imatsalira m'mwamba. Yang'anani cham'mbali ndi tochi ya foni: golide wa timano take asaoneke.

Malo akenso ndi ofunika. Pa bodi ya ma slot anayi, RAM ziwiri zimapita pa A2 ndi B2, kutanthauza yachiwiri ndi yachinayi kuwerenga kuchokera ku purosesa. Mabodi ochepa amasiyana, choncho tsimikizani m'kabuku.

Zikakanikabe, siyani RAM imodzi yokha pa A2 muyatse. Kenako ichotseni, muike inzake pomwepo. Imodzi ikamayaka ina n'kumakana, mwaipeza yolakwa. Zonse zikamayaka pa A2 koma n'kumakana pa B2, RAM ilibe mlandu. Vuto lili pa slot, kapena pa purosesa, chifukwa chowongolera RAM chili m'kati mwa purosesa momwemo. Apa masulani pang'ono ma screw a cooler, choziziritsira purosesa. Cooler yomangidwa mopitirira, kapena yolimba mbali imodzi, imapanikiza purosesa mopendekeka, mapini ena n'kusiya kukhudza. Mangani pang'onopang'ono, mopingasa, osati kumaliza ngodya imodzi musanayambe ina.

Chomaliza, chotsani purosesa muyang'ane mapini. Pa AM4, soketi yakale ya AMD, ali pa purosesa. Pa AM5 ndi pa ma Intel onse a masiku ano, monga LGA1700, ali mu soketi ya bodi. Unikani mopendeketsa. Mapini abwino amanyezimira mofanana m'mizere yowongoka, wopindika amaoneka ngati kadontho kowala mosiyana ndi anzake.

Zonse zikuzungulira, magetsi akuwala, koma sikirini ikuti No Signal.

Onani komwe mwalowetsa chingwe cha sikirini. Ngati muli ndi graphics card, chingwe chipite pa mapoti a khadilo, m'munsi, osati a motherboard. Mapurosesa ambiri alibe n'komwe gawo lotulutsa zithunzi: a Intel okhala ndi F kumapeto, monga Core i5-12400F, komanso a AM4 opanda G, monga Ryzen 5 3600 ndi 5600. Pa amenewa poti ya HDMI ya pa bodi ndi yakufa basi. Ryzen 5 5600G ili nalo, ma Ryzen 7000 ambirinso ali nalo, kupatula okhala ndi F.

Chingwe chikakhala pabwino, sankhani nokha poti yoyenera pa mabatani a sikirini, ndipo ngati muli pa DisplayPort yesani HDMI. Kenako zulani khadi, mulibwezere mpaka kachokolera ka slot katagwira, muone kuti zingwe zake zonse za magetsi zalowa. Makhadi ambiri atsopano a Nvidia, monga RTX 4090 ya mu 2022, amagwiritsa ntchito pulagi ya mapini 16, imene inatchuka ndi kusungunuka pamene sinalowe mpaka kumapeto. Imeneyi ikankheni mpaka pasakhale mpata ngakhale pang'ono, ndipo musapinde chingwe pafupi ndi pulagi.

Amene mwaimika khadi pogwiritsa ntchito chingwe cha riser, cholumikiza khadi ndi slot ya pa bodi, chichotseni kaye. Riser ya PCIe 3.0 pa bodi ndi khadi za 4.0 imabweretsa sikirini yakuda. Lowetsani khadi pa bodi penipeni, mulowe mu BIOS, muike slot imeneyo pa Gen3, ndiye mubwezere riser.

Wogulitsa anati bodi ndi purosesa zimagwirizana, koma kanyali ka CPU kakuyakabe.

Soketi ikhoza kugwirizana koma BIOS ili yakale. Bodi imene inapangidwa purosesa yanu isanatuluke siyiidziwa mpaka mutaikamo BIOS yatsopano, ndipo katundu amatha kukhala nthawi yaitali m'sitolo. Zimachitika pa mabodi a B450 ndi mapurosesa a Ryzen 5000 amene anatuluka mu 2020, pa B660 ndi Z690 ndi ma Intel a m'badwo wa 13 ndi 14, komanso pa B650 zakale ndi Ryzen 9000 a mu 2024. Tsamba la kampani ya bodi lili ndi mndandanda wa mapurosesa ndi BIOS imene aliyense amayambira.

Mabodi ambiri ali ndi batani kumbuyo loikira BIOS popanda purosesa. ASUS imati BIOS FlashBack, Gigabyte Q-Flash Plus, MSI Flash BIOS Button. Fulashi ikhale ya FAT32, fayilo ikhale pamwamba osati m'foda, ndipo dzina lisinthidwe: MSI.ROM pa MSI, GIGABYTE.bin pa Gigabyte, pomwe ASUS imapereka kapulogalamu ka BIOSRenamer kosinthira dzinalo. Lumikizani chingwe cha mapini 24 ndi cha purosesa, fulashi ilowe pa poti yake yolembedwa, mudine batanilo makina ali ozima. Kanyali kaziphethira kwa mphindi zingapo. Kakangophethira pang'ono n'kuima, fayilo siinawerengedwe. Yesani fulashi ina, makamaka yaing'ono yakale.

Magetsi akathima ntchito imeneyi ili m'kati, BIOS imatha kuwonongeka. Kumadera kumene amathimathima, chitani zimenezi pa UPS (batire yosungira magetsi a kompyuta) kapena pa inveta. Bodi yopanda batani limeneli imafuna purosesa yakale yobwereka, ndipo okonza makompyuta ambiri amakhala nayo.

Kodi kufufuta CMOS ndi chiyani, nanga kumafufuta mafayilo anga?

Sikukhudza disiki. Kumangobwezera zonse za mu BIOS momwe zinachokera kufakitale. Zulani pulagi kukhoma, mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, kenako mukhudze timapini tiwiri tolembedwa CLR_CMOS, CLRTC kapena JBAT1 ndi screwdriver kwa masekondi 10. Njira ina ndi kuchotsa kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zisanu. Chitani zimenezi nthawi iliyonse imene mwasintha kanthu mu BIOS makina n'kuleka kuyaka, komanso ngati bodi munaigula yogwiritsidwapo ntchito.

Inkayenda bwino mpaka nditayatsa XMP mu BIOS kuti liwiro la RAM likwere. Si paja liwiro limenelo ndi lolembedwa pa bokosi la RAM?

Ndi lolembedwa, koma amene walonjeza ndi wopanga RAM, osati wopanga purosesa. RAM iliyonse imayamba pa liwiro lotsika lovomerezeka, monga 2133 kapena 2400 pa DDR4 ndi 4800 pa DDR5 zambiri. XMP ya Intel ndi EXPO ya AMD zimaikweza kupitirira pamenepo, ndipo kuti zitheke pamafunika RAM, bodi ndi purosesa zonse zilole.

Yambani ndi BIOS yatsopano, chifukwa zambiri zomwe makampani amakonza mu BIOS ndi za RAM. Zikakanika, siyani XMP yoyatsa koma mutsitse liwiro sitepe imodzi kapena ziwiri, mwachitsanzo kuchoka pa 6400 kufika pa 6000, kapena pa 3600 kufika pa 3200. Kusiyana kwake pa ntchito za tsiku ndi tsiku simudzakuona.

RAM zinayi ndi zovuta kuposa ziwiri, makamaka pa DDR5. Pa Ryzen 7000, AMD yeniyeniyo imangolonjeza 3600 mukadzaza ma slot onse anayi. Mapaketi awiri ogulidwa padera, ngakhale dzina ndi nambala zifanane, akhoza kukhala ndi tchipisi tosiyana m'kati. Wofuna 64GB agule ziwiri za 32GB m'paketi imodzi.

Kuyaka kokha si umboni kuti RAM yakhazikika. Ikani MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, pa fulashi, muyatsire pamenepo, muisiye imalize maulendo ake anayi, bwino usiku. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kunena kuti zalephera. Zikatero bwerezani XMP itazimitsidwa. Zolakwa zikaonekabe pa liwiro loyambira, RAM imeneyo ndi yobweza.

Ikufika mu BIOS, koma pakapita mphindi zochepa imangothima.

Onani kutentha kwa purosesa pa tsamba loyamba la BIOS. Makina amene angoyaka osapatsidwa ntchito amakhala pakati pa madigiri 30 ndi 60. Nambala ikamakwera mukuiona mpaka 90, cooler siikugwira. Chofala ndi kapepala ka pulasitiki komatidwa kunsi kwa cooler, kamene kamaiwalika kuchotsa. Zina ndi thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi cooler) yoiwalika, zomangira za soketi ina, kapena pampu ya cooler yamadzi imene sinalumikizidwe; gwirani mapaipi, pampu yoyenda imanjenjemera pang'ono. Fani ya purosesa ilowe pa CPU_FAN, apo ayi mabodi ena amaima n'kulemba CPU Fan Error. Koma Ryzen 7000 kufika 95 ikugwira ntchito yolemetsa si vuto, inapangidwa kuti izitero.

Ndaika disiki ya kompyuta yanga yakale yokhala kale ndi Windows. Ikugwa ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, nthawi zina siioneka n'komwe.

Windows imeneyo inazolowera bodi ina. Uthenga umenewu umabwera pamene njira yolankhulira ndi disiki yasintha, monga Windows yoikidwa pa AHCI kuipeza bodi ili pa RAID kapena pa Intel VMD. Sinthani mu BIOS kuti zifanane ndi zakale. Disiki ikapanda kuoneka pa mndandanda woyatsira, mwina inayalidwa mwanjira yakale ya MBR, pomwe mabodi atsopano amabwera ali pa UEFI yokha, njira yatsopano yoyatsira, imene imafuna kayalidwe ka GPT. Kuyatsa CSM mu BIOS kumaionetsa, ndipo pulogalamu ya mbr2gpt ya mu Windows imaisintha kukhala GPT.

Zonsezi zimatheka, koma pa makina atsopano ine ndimalangiza kukopera mafayilo kwina n'kuika Windows mwatsopano. Ma driver (mapulogalamu oyendetsa ziwalo) a bodi yakale amabweretsa kugwa kosadziwika mutu wake kwa miyezi. Ndiponso Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna UEFI ndi TPM 2.0 (chosungira makiyi a chitetezo), imene mu BIOS imalembedwa fTPM pa AMD ndi PTT pa Intel.

Poika Windows, siyani disiki imodzi yokha yolumikizidwa, chifukwa Windows imatha kuika mafayilo oyatsira pa disiki ina, tsiku lodzaichotsa makina n'kukana. Pulogalamu yoikira Windows ikapanda kuona disiki ya NVMe, yolowa pa slot ya M.2, pa bodi ya Intel, zimitsani VMD mu BIOS. Disiki ya SATA, yolumikizidwa ndi chingwe, ikasowa mutaika ya M.2, werengani kabuku: pa mabodi ena slot ya M.2 imatseka mapoti ena a SATA. Kuika kukamaima pakati n'kumadandaula za mafayilo owonongeka, pangani fulashi ina yoikira Windows; zikabwerezanso, kayikirani RAM.

Mawu a pa sikirini yabuluu imene Windows imaonetsa ikagwa ndiziwawerenga bwanji? Imazima ndisanawaone.

Jambulani vidiyo ndi foni, kapena mu Startup Settings (njira yofikirako ili pa funso lotsatira) musankhe nambala 9 yoletsa kudziyatsanso. Pa Windows 11 yatsopano sikirini imeneyi ndi yakuda, koma mawu ake akadalipo m'munsi.

MEMORY_MANAGEMENT ndi IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL pa makina atsopano kawirikawiri ndi RAM, ngakhale wachiwiriyu amabweranso ndi driver woipa. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR ndi CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT amaloza ku purosesa, mphamvu yake kapena kutentha, nthawi zina ku NVMe. VIDEO_TDR_FAILURE ndi za graphics card, ndipo pamalembedwanso nvlddmkm.sys ngati ndi Nvidia. CRITICAL_PROCESS_DIED amakonda kubwera disiki ikamadukaduka kapena mafayilo a Windows akawonongeka.

Chothandiza kuposa dzina limodzi ndi kuona ngati akusinthasintha. Uthenga womwewo wotchula fayilo yomweyo nthawi zonse ndi driver. Lero uwu, mawa wina, ndi RAM kapena magetsi. Mbiri ya kugwa kulikonse imasungidwa mu C:\Windows\Minidump, ndipo pulogalamu ya WinDbg imaiwerenga mukalemba !analyze -v. Ikatchula ntoskrnl.exe musakondwe kuti mwapeza wolakwa. Umenewo ndi mtima wa Windows, umene wangogwidwa pamalo a ngozi.

Imaonetsa chizindikiro cha Windows, kenako sikirini n'kuda kapena kuuma. Zinayamba nditaika ma driver.

Lowani mu Safe Mode, mmene Windows imayaka ndi ma driver ofunikira okha. Zimitsani makina ndi batani pamene timadontho tikuzungulira, kawiri kapena katatu motsatana, Windows idzatsegula yokha tsamba lokonzera. Pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, musankhe 4. Ikayenda bwino mmenemo, kawirikawiri ziwalo zimakhala zabwino, vuto ndi pulogalamu. Chotsani driver wa zithunzi ndi pulogalamu ya DDU, intaneti itazimitsidwa kuti Windows isaike wake mwakachetechete, kenako muike wochokera pa tsamba la Nvidia, AMD kapena Intel. Driver wa chipset muikenso. Mapulogalamu oyendetsa magetsi okongoletsa ndi mafani ndi ena okayikitsa, makamaka mukaika a makampani awiri kapena atatu nthawi imodzi.

Event Viewer, momwe Windows imasunga mbiri ya zochitika, ikulemba Kernel-Power 41. Ndiye kuti PSU ndi yoipa?

Uthenga umenewu umasocheretsa ambiri. Umangonena kuti makina anazima mosatsata ndondomeko. Umalembedwa ngakhale mutazula pulagi nokha. Sunena chifukwa.

Komabe kuthima kwadzidzidzi kopanda sikirini yabuluu, makamaka pamene Windows ikutsegula kapena gemu ikuyamba, kumaloza ku magetsi. Ma graphics card amphamvu amakoka magetsi opitirira muyeso wawo kwa kanthawi kochepa kwambiri, PSU yaing'ono kapena yosalimba n'kudula. Khadi la mapulagi awiri lipatseni zingwe ziwiri zosiyana kuchokera ku PSU, osati chimodzi chanthambi.

Ngati muli pa UPS, yesani pakhoma. Nambala ya VA yolembedwa pa UPS si mawati; UPS ya 650VA imapereka mawati ochepera pamenepo, osakwanira kompyuta ya magemu. Ekisitenshoni yotchipa yokhala ndi mapulagi ogwedera nayonso imachita zomwezi.

Imagwa poiyatsa m'mawa, koma ndikachita Restart imayenda bwino tsiku lonse.

Pali zokayikira ziwiri. Choyamba ndi Fast Startup: mukachita Shut down, Windows siizima kotheratu, imasunga mbali ina pa disiki kuti idzayake msanga, ndipo ma driver ena sadzuka bwino kuchoka pamenepo. Restart siigwiritsa ntchito njirayi. Zimitsani mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do. Chachiwiri ndi RAM yokhala m'malire. Pa AM5, Memory Context Restore imadumpha kuyesa RAM kuti makina ayake msanga. Izimitseni, muone ngati kugwako kutha.

Ndili ndi Core i7 kapena i9 ya m'badwo wa 13 kapena 14. Ndinamva kuti ali ndi vuto.

N'zoona. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a mibadwo imeneyi, makamaka amphamvu monga 13900K ndi 14900K, ankapempha mphamvu yopitirira n'kumawonongeka pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonza zotchedwa microcode 0x129 kenako 0x12B kudzera mu BIOS, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Ikani BIOS yatsopano musanayambe kugwiritsa ntchito makina, musankhe Intel Default Settings. Kukonzaku kumateteza, sikuchiritsa purosesa yowonongeka kale, choncho samalani ndi yogulidwa kwa munthu.

Nditasintha BIOS yandifunsa za fTPM, kuti ndidine Y kapena N.

Pa makina opanda kanthu, dinani Y. Koma ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker ya Windows, Y amafufuta makiyi, ndipo simudzalowa popanda kiyi yopulumutsira ya manambala 48. Ipezeni kaye mu akaunti yanu ya Microsoft.

Ndayesa zonsezi. Chatsala n'chiyani?

Tulutsani zonse mu kesi. Ikani motherboard pamwamba pa katoni yake, ndi purosesa, cooler, RAM imodzi, PSU ndi sikirini basi. Graphics card pokhapokha ngati purosesa ilibe zithunzi. Disiki, mafani a kesi, zingwe za USB zakutsogolo ndi zokongoletsa zonse zikhale pambali. Fufutani CMOS, muyatse ndi screwdriver. Ikafika mu BIOS, bwezerani chinthu chimodzi, muyatse, kenako china, mpaka chimene chikugwetsa chitadziulula. Kusintha zitatu nthawi imodzi kuli ngati kuthira mchere, soda ndi tsabola pamodzi mu ndiwo: zikaipa simudziwa chaipitsa. Lembani pa pepala chilichonse mwasintha ndi zotsatira zake.

Ikakana ngakhale pa katoni, zatsala ziwalo zinayi, ndipo njira ndi kubwereka. Yambani ndi PSU ndi RAM chifukwa n'zosavuta kusintha. Pakati pa bodi ndi purosesa, bodi ndi imene imapezeka yolakwa kawirikawiri.

Ndapeza chiwalo chakufa. Ndichite chiyani kuti achilandire?

Fulumirani, chifukwa nthawi yobwezera kusitolo ndi yaifupi kuposa waranti ya kampani. Kwa amene munaitanitsa kunja, ku South Africa, ku Dubai kapena ku China, funsani msanga kuti ndalama yotumizira alipira ndani, popeza pa chiwalo chotchipa ikhoza kuposa mtengo wake. Tumizani lisiti, nambala ya chiwalocho, chithunzi cha kanyali koyaka kapena cha zolakwa za MemTest86, ndi pepala lija la zomwe munayesa. RAM imabwezedwa paketi yonse, osati imodzi yolakwayo. Ngati ndi motherboard, jambulani soketi moonekera bwino musanatseke, chifukwa ogulitsa ambiri amakana bodi ya mapini opindika ponena kuti mwapinda ndinu. Bwezeraninso kachivundikiro kapulasitiki ka soketi kamene kanadumpha poika purosesa. Makampani ambiri salandira bodi yopanda kameneka.